Kutenga galu wokalamba kumalo osungira agalu: zofunika kuziganizira ndi kuzichita

Munthu wa mu Blantyre akanena kuti akufuna galu, nthawi zambiri amatanthauza kamwana kagalu koti akalere yekha mpaka kadzakule n'kumalondera pakhomo, ndipo n'chifukwa chake tiana ta agalu timene anyamata amagulitsa m'mbali mwa misewu sitikhalitsa m'manja. Agalu akuluakulu, makamaka amene ubweya wa kukamwa wayamba kuchita imvi, alipo ambiri koma amasowa owatenga. Ena eni ake anamwalira, ena anasiyidwa pamene banja linasamukira kunyumba ya lendi kumene ziweto siziloledwa kapena linapita kunja kwa dziko, ndipo ena anangotoledwa mumsewu ali mafupa okhaokha. Mumzinda muno bungwe la Blantyre SPCA limasamalira agalu otere ndi kuwapezera mabanja atsopano, monga momwe la LSPCA limachitira ku Lilongwe. Kutenga galu wokalamba kumalo ngati amenewa ndi chinthu chotheka kwa banja wamba, koma ndi pangano lolemera kuposa momwe ambiri amaganizira, chifukwa zaka zimene mukulonjeza kumusunga ndi zaka zimene adzafune chisamaliro chochuluka kuposa zonse za moyo wake.

Choyamba n'kudzifunsa moona mtima chimene mukufunira galuyo. Ngati cholinga chenicheni ndi chitetezo, chifukwa akuba akuvutitsa kudera kwanu, galu wokalamba si yankho lake. N'zoona kuti ambiri amauwa akamva mlendo pageti, ndipo kuuwako kumathandiza, koma galu amene makutu ayamba kugontha ndiponso miyendo imamupweteka sangachezere usiku wonse kuzungulira mpanda, ndipo kumuyembekezera kutero n'kumulakwira. Galu wotere amayenera munthu amene akufuna mnzake wofatsa pakhomo, wosakumba maluwa, wosatafuna nsapato, amene khalidwe lake linakhazikika kale moti mukhoza kulidziwa musanamutenge. Pamenepa ndi pamene amaposera kamwana kagalu, kamene palibe angakuuzeni motsimikiza kuti kadzakhala kaukali kapena kamantha.

Za ukalamba, madokotala a ziweto ambiri amayamba kuwerengera galu kuti ndi wokalamba akafika zaka pafupifupi 7. Mitundu ikuluikulu imafika msanga, mwina pa zaka 5 kapena 6, pamene timitundu tating'onoting'ono timachedwerapo. Agalu ambiri amakhala ndi moyo zaka za pakati pa 10 ndi 13. Choncho mukatenga galu wa zaka 8, muyenera kuwerengera kuti mudzakhala naye zaka zingapo ndithu, ndipo m'zaka zimenezo ulendo wa kwa vetenale udzakhala ukuchulukirachulukira.

Musanapite n'komwe kukaona agalu, nkhaniyi ithe kaye pakhomo. Ngati mukukhala m'nyumba ya lendi, a landilodi avomereze momveka bwino, makamaka polemba, ndipo ngati pali mabanja ena pa plotipo, nawonso amve, pakuti ena amaopa agalu ndipo ena sawafuna pafupi chifukwa cha chipembedzo chawo. Pakhale munthu mmodzi wamkulu amene akuvomera kuti udindowu ndi wake. Ana amalonjeza zambiri tsiku loyamba, koma sukulu ikatsegulidwa mbale ya galu imaiwalika, ndipo si chilungamo kungomuunjikira wantchito wa pakhomo ntchito imene sanafunsidwe ngati angaithe. Funso limene mabanja ambiri saliganizira ndi la maulendo adzidzidzi: uthenga wa maliro ukabwera usiku, banja lonse n'kunyamuka m'bandakucha kupita kumudzi ku Thyolo kapena ku Ntcheu kwa masiku angapo, adzam'patse chakudya ndi mankhwala ndani? Munthu ameneyo apezeke tsopano, ndipo galu adzamuzolowere zinthu zisanafike pothina.

Ndalama nazo ziwerengedwe ndi cholembera m'manja. Pali chakudya cha tsiku ndi tsiku, mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri, mankhwala a njoka zam'mimba amene amaperekedwa pa miyezi 3 iliyonse, katemera wa chaka ndi chaka, ndiponso kukaonana ndi dokotala, kumene kwa galu wokalamba kuyenera kuchitika kawiri pachaka ngakhale asakudwala. Mitengo imasintha pafupipafupi, choncho n'kwanzeru kufunsa kuchipatala cha ziweto mitengo ya lero, kenaka n'kumapatula kangachepe mwezi uliwonse, kaya pa Mpamba kaya pa Airtel Money, kodikira tsiku limene galu adzadwale mwadzidzidzi. Ngati mutawerenga mwaona kuti ndalamazo zidzalanda za fizi kapena za ufa, ndi bwino kudikira. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Mukafika kumalo osungira agalu, musafulumire kuloza amene wakukongolerani. Funsani osamalira mbiri ya galu aliyense amene mukumuganizira: anafika bwanji, wakhalako nthawi yaitali bwanji, anayamba walumapo munthu, amakhala bwanji ndi ana, amphaka ndi nkhuku, amadya chiyani ndiponso nthawi yanji, ali pa mankhwala alionse kapena ayi, komanso ngati anafulidwa kapena kutsekedwa kuti asaberekenso. Pemphani khadi lake la katemera. Mabungwe otere kawirikawiri nawonso amafunsa mafunso awo, amafuna kudziwa ngati muli ndi mpanda, nthawi zina amabwera kudzaona pakhomo, ndipo amapempha ndalama yothandizira pa zimene anawononga pa galuyo. Zimenezi zisakukhumudwitseni ngati kuti akukukayikirani, chifukwa akungopewa kuti galu amene anasiyidwapo kale asiyidwenso kachiwiri.

Poyandikira galuyo, musamuweramire kapena kumuyang'anitsitsa m'maso. Imani chammbali, dzanja lili pansi, mumulole abwere yekha kudzanunkhiza. Akamasuka, pemphani wosamalira akuthandizeni kumuyang'ana bwinobwino. Tukulani mlomo pang'ono muone mano: galu wamkulu amakhala ndi mano 42, koma wokalamba mudzapeza ena anatha, ena ali ndi litsiro lolimba lachikasu m'mbali mwa nkhama, ndipo ngati nkhamazo zili zofiira, zotupa, m'kamwa mukutuluka fungo loipa, dziwani kuti padzafunika chithandizo cha mano. Yendetsani chikhato m'nthiti, pamimba ndi m'mawere kuti mumve ngati pali zotupa. Kenaka mumuone akudzuka pamene anagona. Galu wa nyamakazi amayamba watsamira miyendo yakutsogolo, n'kukoka yakumbuyo mochedwa, ndipo mapazi ake oyamba amakhala oumauma mpaka thupi litatenthedwa. Zimenezi si zifukwa zomukanira, koma ndi bwino kuzidziwa lero kusiyana n'kudzazitulukira kunyumba. Ngati n'kotheka bwereraninso tsiku lina pamodzi ndi a pabanja panu, mumuyendetse pang'ono pachingwe, chifukwa galu amene tsiku loyamba anabisala pakona nthawi zambiri amaonetsa khalidwe lake lenileni akakuonani kachiwiri.

Tsiku lomutenga pezani galimoto. Minibasi kapena kabaza si njira yonyamulira galu wamantha, ndipo kumbuyo kwa pikapu yosatseka akhoza kudumpha. Musam'patse chakudya chambiri ulendo usanayambe, ndipo pemphani kansalu kamene amagonera kuti apite ndi fungo limene akulidziwa.

Masiku oyamba ndi amene agalu ambiri amasowa, choncho mpanda uyenderedwe galu asanafike. Yang'anani mpata wa pansi pa geti, mabowo otulutsira madzi amene amasiyidwa m'munsi mwa mipanda ya njerwa, ndi malo amene mpanda wa udzu kapena wa nsungwi unawola. Galu amene wakhala zaka zambiri pakhomo lina akhoza kuyesa kubwerera kumene anachokera, ndipo m'misewu yodzaza magalimoto ngati ya ku Limbe kapena Ginnery Corner, galu wosamva bwino sapita patali. Muvekeni lamba wa m'khosi wolembedwa nambala yanu ya foni kuyambira tsiku loyamba. Koma njira yothetsera vutoli si kumumanga pa tcheni usana ndi usiku monga zimachitikira m'makomo ambiri. Tcheni chimakwiyitsa galu, chimatupitsa khosi, ndipo kwa galu wa nyamakazi kukhala malo amodzi osayenda kumaumitsa mafupa msanga.

Pakhomo pakhale bata. Musaitane anansi kudzamuona, ndipo ana auzidwe malamulo awiri amene sayenera kuphwanyidwa: galu sakhudzidwa akudya, ndiponso sadzidzimutsidwa akugona. Lachiwirili n'lofunika kwambiri kwa galu wokalamba, pakuti amene makutu anagontha kapena maso achita ng'ala samva munthu akubwera, ndipo akagwidwa mwadzidzidzi akhoza kuluma chifukwa cha mantha chabe. Aphunzitseni kuponda pansi mwamphamvu pang'ono kapena kudutsa kutsogolo kwake kuti adziwe kuti pali munthu. Ngati pakhomo pali galu wina, akumane koyamba kunja kwa mpanda, aliyense ali pachingwe, ndipo azidyera malo osiyana. Si zachilendo kuti galu watsopano akane chakudya tsiku loyamba, kapena akodze pamalo osayenera. Musam'menye, ingomutulutsani nthawi zofanana tsiku lililonse mpaka azolowere. Koma akatha masiku awiri osadya kanthu, pitani naye kwa dokotala. Ena amamasuka pakatha sabata, ena pamatenga miyezi, ndipo amene amanena kuti galu wamkulu saphunzira amalakwitsa: dzina latsopano ndi malamulo a pakhomo amazigwira bwinobwino ngati mukumuphunzitsa ndi kachakudya m'manja, osati ndi ndodo. Akamachita chinthu chachilendo mobwerezabwereza, monga kunyambita phazi limodzi kapena kukana kukwera sitepe imene dzulo anakwera, kumbukirani kuti galu wamkota sakandira pachabe. Fufuzani chimene chikumuvuta.

Malo ogona ndi nkhani yaikulu mu Blantyre chifukwa cha nyengo yathu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa ndi kamvula kake kowaza, simenti ya pakhonde imazizira kwambiri, ndipo galu wokalamba akagonapo amadzuka m'mawa akulephera kuyenda. M'konzereni pogona pokwera pang'ono kuchoka pansi, monga matabwa oyalapo chiguduli ndi bulangete lakale la pa kaunjika, pamalo osalowa mphepo. Ngati mungathe kumulola kugona m'nyumba, kaya m'khitchini kaya m'kanjira, ndi bwino koposa. Mu Okutobala ndi Novembala vuto limatembenuka: kanyumba ka malata kamene kali padzuwa kamasanduka ng'anjo, ndipo galu wokalamba, makamaka wonenepa, akhoza kufa ndi kutentha. Akhale ndi mthunzi tsiku lonse ndi madzi osatha, ndipo muziyenda naye m'mamawa kapena dzuwa litapepa, chifukwa phula lotentha limawotcha mapazi. Maulendo afupiafupi tsiku lililonse amathandiza kuposa ulendo umodzi wautali Loweruka. Nyumba zambiri za ku Soche, Ndirande ndi Chilomoni zinamangidwa pamtsetse ndipo zili ndi masitepe otalika. Pamene galu akuvutika kukwera, thabwa lalikulu lokhomedwa timitengo topingasa limamuthandiza, ndipo pa matailosi oterera yalani mphasa kapena kapeti yakale.

Pa chakudya, chofunika n'kusasintha mwadzidzidzi. Yambani ndi chimene amadya kumene mwamutenga, n'kumasakaniza ndi chanu pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 10, apo ayi adzatsegula m'mimba. Chakudya cha m'matumba cha m'masitolo n'chabwino kwa amene angakwanitse, ndipo ngati mano ndi ofooka chinyowetseni ndi madzi ofunda. Mabanja ambiri amaphikira agalu phala kapena nsima ya mgaiwa kapena ya madeya, ndipo zimenezi zilibe vuto, malinga pasakhale nsima yokhayokha. Galu amafuna chakudya chomanga thupi tsiku lililonse, monga bonya kapena usipa wophika, dzira lowiritsa, kapena nyama yotsika mtengo ya kubutchala, ndipo mukhoza kuonjezerapo dzungu kapena mbatata yophika. Makombo a patebulo ndi amene amabweretsa mavuto, chifukwa ndiwo zathu zimakhala ndi anyezi, amene amawononga magazi a galu, komanso mchere ndi mafuta ambiri. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka mosongoka n'kubaya m'matumbo, ndipo chokoleti ndi mphesa n'zoopsa kwa galu aliyense. M'patseni chakudya kawiri patsiku m'malo mwa mulu umodzi usiku. Kuti mudziwe ngati akunenepa mopitirira, gwirani m'nthiti: muyenera kuzimva mosavuta popanda kukanikiza, koma zisamaonekere patali. Kunenepa kumaonjezera ululu wa nyamakazi, ndipo chifundo chomam'ponyera mandasi chimamufupikitsira moyo.

Madzi akumwa amakuuzani zambiri za thanzi lake. Galu wolemera makilogalamu 20 amamwa pafupifupi lita imodzi patsiku, kuonjezerapo pang'ono nyengo yotentha. Mukaona kuti akumaliza malita oposa 2 tsiku ndi tsiku ndiponso akukodza pafupipafupi, chikhoza kukhala chizindikiro cha matenda a impso kapena a shuga, ndipo kwa galu wamkazi wosatsekedwa akhoza kukhala mafinya m'chiberekero, amene amapha msanga. Musamumane madziwo, pitani naye kuchipatala.

Katemera wa chiwewe si wokambirana. Pafupifupi anthu onse amene amafa ndi chiwewe amachitenga polumidwa ndi galu, ndipo zizindikiro zikangoyamba palibenso mankhwala. Mzinda wathu uli ndi mbiri yake pa nkhaniyi: m'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, pogwira ntchito ndi boma ndi Blantyre SPCA, linabaya katemera agalu oposa 35,000 m'masiku 20 ogwira ntchito, pofuna kufikira agalu 70 pa 100 alionse, chimene ndi chiwerengero chofunika kuti matendawa aleke kufalikira. Galu wanu, ngakhale satuluka kunja kwa mpanda ndiponso ngakhale ndi wokalamba, azibayidwa chaka chilichonse, ndipo khadi lake lisungidwe pamodzi ndi mapepala ofunika a pakhomo, chifukwa tsiku limene adzakande mwana wa mnansi, khadilo ndi limene lidzathetse mkangano. Munthu akalumidwa ndi galu aliyense, atsuke balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Nyengo ya mvula imabwera ndi nkhupakupa, zimene zimabisala m'makutu, m'khwapa ndi pakati pa zala, ndipo zimafalitsa matenda otha magazi. Galu akafooka, n'kukana kudya, nkhama zake n'kuyera kapena kuchita chikasu, musadikire mawa. Pamabweranso mphutsi za pakhungu: ntchentche imaikira mazira m'dothi kapena pa nsalu zogonera, kamphutsi n'kulowa pakhungu, n'kutupa ngati kachithupsa kokhala ndi kabowo pakati. Mukapakapo Vaseline kamphutsiko kamasowa mpweya, kamasuzumira, ndipo kamatuluka mukafinya mofatsa. Kenaka tsukani balalo, ndipo zogonera zichapidwe n'kusitidwa. Chimene muyenera kupewa kotheratu ndi mankhwala ongomva kwa anzanu. Oyilo wakuda wa galimoto sachiza mphere, amangowotcha khungu ndi kulowa m'thupi. Dipi wa ng'ombe wosungunulidwa mongoyerekeza wapha agalu ambiri. Brufen amaboola m'mimba ndi kuwononga impso za galu, ndipo Panado woperekedwa mongoganizira amawononga chiwindi. Mankhwala a ululu opangidwira agalu alipo, ndipo galu wa nyamakazi amasintha kwambiri akayamba kulandira, koma azilembedwa ndi dokotala atamupima. Mankhwala a makoswe ndi tameki zisungidwe kumene galu sangafike, ndipo m'mawa uliwonse muziyendera m'mbali mwa mpanda kuona ngati wina sanaponyemo nyama yokayikitsa.

Zinthu zikhoza kusintha pakhomo: ntchito kutha, kusamutsidwa, kapena matenda. Zikafika poti simungathenso kumusunga, imbirani bungwe limene munamutengako nthawi ikadalipo, m'malo mokamutaya kutali kapena kum'pereka kwa munthu amene simukumudziwa. Kuchitira nkhanza chiweto ndi mlandu pansi pa lamulo la dziko lino loteteza nyama, ndipo galu wokalamba wotayidwa kumsika sakhala masiku ambiri.

Chomaliza chimene wotenga galu wokalamba ayenera kuchivomereza asanasaine pepala lililonse n'chakuti imfa ya galuyo idzachitikira m'manja mwake. Nthawi idzafika pamene mankhwala sakuthandizanso, galu sakudzuka yekha, akudziyipitsira pogona, sakufunanso chakudya chimene ankachikonda, ndipo masiku oipa achuluka kuposa abwino. Kulemba pa kalendala tsiku lililonse ngati linali labwino kapena loipa kumathandiza kuona zoona, pakuti mtima umakonda kudzinamiza. Pamenepo kambiranani ndi dokotala za jakisoni womugoneka kuti afe mwamtendere, amene amagwira m'mphindi zochepa popanda ululu, ndipo funsani ngati angabwere kunyumba kuti galu asavutike ndi ulendo. Kumusiya kuseri kwa nyumba kuti afe yekha pang'onopang'ono, kapena kum'patsa poizoni, ndi nkhanza ngakhale wochitayo atanena kuti ndi chifundo. Ana auzidwe zoona mogwirizana ndi msinkhu wawo, osati kunamizidwa kuti galu wathawa, chifukwa adzakhala akumuyembekezera pageti. Ngati mukumuika pakhomo, funsani kaye eni malo, ndipo dzenje likhale lakuya mita imodzi kapena kuposerapo, kutali ndi chitsime kapena mtsinje, n'kuikapo miyala pamwamba, chifukwa mankhwala a jakisoniyo amatsalira m'thupi ndipo akhoza kupha galu wina kapena nyama ina iliyonse imene ingafukule n'kudya.